Manja a Marguerite Desrosiers

Olemekezeka Mkulu wa sukulu yathu ya ukachenjede, Dokotala Halvorsen. Olemekezeka Mfumu ya mzinda uno, Mayi Beaulieu. Aphunzitsi anzanga, ophunzira nonse, ndi inu a banja la Desrosiers amene mwalimbana ndi chipale chofewa pamsewu kuti mufike kuno, landirani moni wanga.

Ndikuthokoza onse amene mwamanga nyumba ya kafukufukuyi ndi kuitcha dzina la Pulofesa Marguerite Desrosiers. Mpando wake ndi uwu, ndipo mukuona nokha kuti palibe wakhalapo.

Ndinagwira naye ntchito patebulo limodzi kuyambira tsitsi lathu lili lakuda. Ntchitoyo ambiri mukuidziwa: madzi pansi, mafuta pamwamba, zinthu zosagwirizana, ndipo ife timapanga mkhalapakati kuchokera ku khungwa la mtengo wa kwinini, woti azinyamula za m'madzi kupita nazo m'mafuta. Vuto ndi lakuti chobadwa mmenemo chimabwera pawiri, ngati dzanja lamanja ndi lamanzere, pomwe thupi la wodwala limafuna limodzi lokha. Marguerite ankatulutsa limodzilo, loyera bwino. Zanga zinkatuluka zosakanikirana, ndipo ankandinena kuti ndimatakasa ngati nkhalamba yoopa kutaya khofi. Sekani ndithu, ankanena zoona.

Kenaka manja ake anayamba kunjenjemera. Ntchito yathu imafuna madzi aukali ootcha khungu, ndipo tsiku lina anadzitayira pamkono. Komiti ya chitetezo inamuletsa kugwiranso botolo. Komitiyo sinalakwe, ndipo chimenecho ndicho chimapweteka kwambiri, chifukwa palibe woti ndimukwiyire. Anapempha makina oti azimuthirira, anamuuza kuti adikire nyumba yatsopano. Anadikira mpaka anapuma pantchito.

Mmawa uno ndayendera zipinda zanu, ndaona mikono ya makina ikuyeza, ikuthira, osadontheza ngakhale pang'ono. Mtima wandiwawa, sindikubisirani. Yabwera bwino, koma yabwera mochedwa.

Lamlungu ndinapita kwawo kukamunyengerera kuti adzadule yekha riboni yotsegulira nyumba ino. Anakana. Ndinamulonjeza kuti ndimugwirira dzanja, palibe amene adzaone. Iye anati, "Iwe Ivan, ndi manja ako aulesiwo? Anthu aja amakumbukira manja anga ali olimba. Asiye azikumbukira choncho."

Ndikunyamuka, anandipatsa kamaginito koyera kotakasira mankhwala m'botolo, kamene anachoka nako tsiku lake lomaliza pantchito. "Ukawapatse anawo," anatero. "Ukawauze asamatakase ngati iwe."

Kamaginito kake ndi aka. Ndikukaika pampando wake, ndipo amene ayambe kusakaniza madzi ndi mafuta m'nyumba muno akatenge, akagwiritse ntchito, asakatsekere m'kabati yagalasi.

Dokotala Halvorsen, ndipatseni sizasiyo. Si dzanja ili limene linayenera kudula, koma ndi limene lilipo. M'dzina la Marguerite Desrosiers, ndikulengeza kuti zitseko za nyumba ino zatseguka kuyambira lero.

Zikomo kwambiri.