Magalasi Oiwalika Kuntchito

Pamzere wodikira basi, bambo wina wovala ovololo anasendera kwa wovala tayi n'kutsitsa mawu.

"Pepani achimwene, Chingerezi mumachitha? Mwana wanga anandifunsa za aneni aja oyenda awiriawiri, akuti ena amalekanitsidwa, ena ayi. Sindikufuna kubwerera kunyumba chimanjamanja."

Watayi uja anayang'ana nsapato zake.

"Tayiyi isakunamizeni, bambo. Ine ndimangotsegula zitseko pahotela."

"Nanga wanu akakufunsani mumatani?"

"Ndimati magalasi ndaiwala kuntchito."

"Ine bodza limenelo linandithera dzulo. Anawapeza m'thumba la jekete, n'kuwapukuta bwinobwino, n'kundiveka yekha."

"Ndiye munatani?"

"Ndinangoti maso tong'o pabukupo, mpaka mwanayo anati, 'Basi adadi, mwatopa. Ndikafunsa aphunzitsi.'"