Anamwa Mankhwala a Nkhumba Chifukwa cha Foto

Aulutsi, nkhaniyi muiwerenge mokweza, chifukwa eni ake akumvera. Ndine mtsikana wa ku Fingoe, ndipo ndikulemba mtima ukuwira.

Mng'ono wanga anavala kapulana yatsopano, nsalu imene ena amati chitenje, n'kudzijambula foto, n'kuiponya pa grupu ya pafoni ya atsikana a kusukulu kwawo. Anamuseka tsiku lonse. Wina analemba kuti, "Kodi kapulanayi yayanikidwa pachingwe, kapena muli munthu m'menemo?"

Mwanayo sanatiuze kanthu. Anayamba kutapa mobisa mankhwala amene bambo amathira m'gaga kuti nkhumba zinenepe, n'kumamwera m'phala m'mawa uliwonse. Pasanathe mwezi nkhope ndi miyendo zinatupa, ndipo tinamunyamula pa mota, njinga yamoto, kupita naye kuchipatala akusanza.

Tsiku lachitatu anzake aja anabwera ati kudzamuzonda. Asanapereke ndi moni yemwe, wolemba chipongwe uja anatulutsa foni kuti ajambulitse naye pabedipo. Ndinawathamangitsa mpaka kumsewu, anamwino akuyang'ana.

Atsikana inu, ndikukudziwani ndi makolo anu omwe. Mng'ono wanga watuluka m'chipatala, wauma kuposa kale, ndipo kapulana ija safuna n'kuiona komwe. Munkafuna anenepe, nkhope yotupa ija munaiona ndi maso anu. Mwakhutira?