Zenera la Padenga la Malume Reinford

Pali chinthu chimene Taonga anali asanauzepo munthu, ngakhale amayi ake: akangokwera pampando kuti atsitse kapu, ankangoona ngati agwa. Ndiye Loweruka lina ku Barking, mumzinda wa London, malume ake a Reinford anatsamiritsa makwerero pagalimoto yawo yakale yogonamo, imene zenera lake la padenga linali litakana kutsekeka, uku kumwamba kukuda.

"Chogwirira ichi ndapukusa mpaka thukuta," anatero malume ali m'kati, mutu chagada. "Ndathira mafuta ophikira, koma zii!"

"Pafoni akuti mafuta ophikira amawononga labala, malume. Akuti mupopere mankhwala a silikoni."

"Foniyo inagulapo galimoto? Vuto lili kunja. Masamba ndi ndere zadzaza m'mahinjesi. Tenga mswachi uwu, kwera."

Taonga anaponda sitepe yoyamba, n'kugwiritsitsa.

"Ndakwera."

"Ukuona chiyani?"

"Tayala."

"Tayala likutani padenga?"

"Munati kwera, malume. Simunanene mpaka pati."

"Mpaka pamwamba, iwe! Sukulu yonse ija?"

Taonga anayang'ana kumwamba. Kenako nzeru inabwera.

"Sizingatheke. Amayi anandilangiza kuti mwana saima pamwamba pa mutu wa wamkulu. Inu muli m'kati, ine ndizikupondani pamutu?"

Malume anasiya kupukusa chogwirira chija. Paja ndi iwo omwe amene ankadandaula Lamulungu lililonse kuti ana a ku London alibe mwambo.

"Mawu amenewo ndi oona," anatero akutuluka. "Eya, ndatuluka. Kwera."

"Mutu wanu ukhalabe m'munsi mwa mapazi anga."

"Ndikaima uko, pa mabini a zinyalala."

"Kutali si pamwamba, malume."

"Ndavala chipewa!"

"Chipewa chili pamutu, koma mutuwo uli pomwepo."

"Ndakukhululukiratu! Ine mwini mutu ndikuti ponda!"

"Amayi sananene kuti mwini mutu akalola."

"Amayi akowo ndi mlongo wanga, ndinkawabereka kumbuyo ine!"

"Ndiye anali pamwamba panu?"

"Anali khanda, iwe!"

Dontho la mvula linagwa pachipewa, tho! Lina pamphuno.

"Mayo ine, matiresi!" anakuwa malume. "Anti ako a Margaret anenetsa kuti akangonyowa, mawa kunyanja ndipita ndekha, ndipo ndizikagona komweko. Dikira pomwepo. Usasunthe!"

"Ndisakwerenso?"

"Usa... aaa!"

Anathamangira m'nyumba. Masitepe analira gu gu gu, kenako zenera la chipinda cham'mwamba linatseguka, ndipo munatuluka chipewa.

"Tsopano ndani ali pamwamba pa mnzake?"

"Inu, malume."

"Mwambo wasweka?"

"Ayi."

"Kwera!"

Zonamizira zinali zitatha. Taonga analuma mswachi, anakwera sitepe ina, ndi inanso. Makwerero anagwedera pang'ono. Anaona denga loyera, ndere zobiriwira zitazungulira zenera, ndipo msewu wonse unayamba kupendekeka.

"Wafika?" anafunsa malume.

Taonga anadabwa. Munthu ali pamwamba pomwe, n'kumafunsa?

"Ndatsala pang'ono."

"Yamba hinjesi ya kumanzere. Upukute bwino, kenako ndibwera ndi mafuta."

"Ophikira?"

"Usandiyambe!"

Mvula inalimbika. Zala za Taonga zinakana kusiya chitsulo. Mswachi unagwa pansi, ndipo mawu anatuluka okha, aang'ono ngati a mwanapiye.

"Malume... ine ndimaopa pamwamba. Kuyambira kalekale."

"Wati chiyani?"

"Ndimaopa! Si za mwambo ayi. Ndikuopa kugwa!"

Taonga anadikira kuti asekedwe, nkhani ikafike kutchalitchi, mwinanso ku Lilongwe. Atadzutsa mutu anaona malume atakumbatira katani ndi manja onse awiri, maso atatsinzina kuti tswii.

"Tsika pang'onopang'ono, mwana wa mlongo wanga," anatero malume. "Ukafika pansi, ukaitane anti ako, akwere iwowo. Koma ayambe adzandichotsa ine pano."