Nyumba ya a Levulo

Malemu bambo athu, amene ambiri mumawadziwa ndi dzina loti a Levulo, anabadwa mu 1947 m'mudzi muno. Dzinali analipeza chifukwa choyenda ndi levulo, chida choyezera kuwongoka kwa khoma, paliponse, ngakhale kutchalitchi. Sukulu anailekezera sitandade 5, n'kuyamba kuthandiza amalume awo kumanga nyumba za nsichi: kuzika mitengo, kupingasa nsungwi, kumanga ndi luzi, kenaka kumata dothi.

Anakwatira mayi athuwa mu 1970. Pambuyo pake anaphunzira kuumba ndi kuotcha njerwa, ndipo kuchokera pamenepo nyumba zadothi anazida ngati zinawalakwira. Ankati ndi chakudya cha chiswe. Ambiri muli panonu anakugwetsetsani nyumba za makolo anu n'kukumangirani za njerwa. Anyamata onse amene anawaphunzitsa ntchito sanawalole kugwira luzi.

Kumpingo anali mkulu woyang'anira zomangamanga. Tchalitchi chathu anamanga ndi iwo, ndipo mpaka lero chilibe mng'alu.

Chaka chatha anadwala matenda ofa ziwalo. Tinayenda nawo m'zipatala, koma Lachiwiri lapitali anatisiya.

Apa ndiye mundikhululukire, chifukwa zotsatirazi nanenso sindikuzimvetsa. Dzulo bokosi linakana kulowa pakhomo la nyumba yawo. Achimwene anatenga hamala kuti achotse felemu ya chitseko. Kungomenya kawiri, pulasitala anagumuka chigamba chachikulu, ndiye mwaona bowo lili apolo. M'kati mulibe njerwa ngakhale imodzi. Muli nsichi, nsungwi, luzi ndi dothi. Njerwa zimene takhala tikuziona kuyambira tili ana, zimene alendo ankabwera kudzasirira, ndi mizere yongolemba ndi msomali pa simenti, n'kupaka penti yofiira.

Tinabadwira m'nyumba imeneyi, tinakuliramo, tinkanyadira kusukulu kuti kwathu n'kwa njerwa. Kodi bambo anatinamiza? Nanga enanu anakugwetsetseraninji zanu, yawo n'kuisunga? Kapena ankachita nayo manyazi? Ngati ankachita nayo manyazi, bwanji sanaigwetse, poti njerwa zinali mbwee pabwalo? Ine mutu wangoima.

Titafunsa mayi, anayankha osatiyang'ana n'komwe. Anati kwa ine, "Dothi limenelo ndinaponda ndine, ndili ndi mimba ya iweyo. Bambo ako atabwera ndi piki kuti aigwetse nyumbayi, ndinakakhala pakhomo. Anangoyang'ana, n'kupita kukagula simenti."

Ife ana tinagwirizana kuti maliro akatha, mayi tiwatenge akakhale kutauni, chifukwa mvula ili pafupi ndipo dothi likalowa madzi khoma lonse likhala pansi. Mayi akanitsitsa. Akuti atuluka m'nyumbamo tsiku limene adzatuluke ngati mmene atulukire bambo lero. Anyamata aja amene bambo anawaphunzitsa ntchito aliyang'ana bowolo, onse apukusa mitu. Akuti aphunzitsi awo sanawaonetseko zimenezo.

Choncho tikupempha, ngakhale tikuchita manyazi: ngati alipo pakati panu amene manja awo akukumbukirabe kumanga nsungwi ndi kumata dothi, ngakhale amene bambo anakunyozerani nyumba, tikachoka kumanda musafulumire kupita. Mayi athu agona momwemo usiku uno.

Malemu asiya mkazi, ana aamuna atatu, ana aakazi awiri, zidzukulu khumi ndi chimodzi, ndi mchemwali wawo mmodzi.

Bambo, mafunso mwatisiyira ambiri. Komabe apumule mu mtendere a Levulo.