Mabelo a Bambo Yobe M'makona a Situdiyo

Olemekezeka a Gulupu, amene mwatilola kusonkhana pa nthaka yanu; olemekezeka abusa, amene mwatsegula mwambowu ndi pemphero lalifupi, ndipo lero kufupikako tikukuthokoza mwapadera; olemekezeka a Khansala, amene mpando wawo ukuwadikira apowo poti tamva kuti ali m'njira; alangizi a zaulimi; a Misheck Mphepo, wapampando wa kalabu ya alimi a fodya kuno ku Chulu, pamodzi ndi komiti yanu; amayi a Chigwirizano, amene mwabwera ndi nyimbo zanu kudzaona ngati za anawa zingapikisane nazo; bambo Yobe Mwavi ndi mayi Maness, makolo a mtsikana amene watisonkhanitsayu; iwe Lusekelo ndi achinyamata anzako; amayi ndi abambo nonse, ndikupereka moni ndi ulemu wonse.

Kwa amene simundidziwa, ine ndine Feggie, mwana wa malemu a Nelson a tsidya la dambo lija. Ndimagwira ntchito ku Lilongwe yomikisa nyimbo, ndiko kuti kusanja mawu a zoimbira kuti chilichonse chimveke pamalo pake. Ndikuthokoza kalabu chifukwa chopereka shedi yake yosankhiramo fodya kuti ikhale situdiyo ya achinyamata, ndipo ndikuthokoza pondiitana kudzaitsegula.

Koma ndisanapite patali, mundikhululukire. Mukandiona ndikuyankhula maso ali kumsewu, musati mlendoyu ndi wamwano kapena akufulumira kubwerera kutauni. Ndikudikira lole. M'nyumba imene ndabwera kudzatsegulayi muli mabelo a bambo Yobe, fodya wawo wabwino uja amene banja lonse likuyang'anako, tsiku lomaliza kulandira mabelo ku okushoni ndi mawa, ndipo lole imene inalonjeza kufika kuno m'mawa mpaka pano sinaoneke. Mtima wanga suli m'malo, ndipo ndikudziwa kuti wa mayi Maness nawonso suli m'malo, ngakhale akhala pamenepo mwaulemu ngati palibe kanthu. Ena mwa inu mwakhala mukunong'onezana kuti a Yobe ndi aulesi, ena mukuti amadikira mtengo wakumwamba. Ndiloleni ndifotokoze momwe mabelowo anatsalira, ndipo kuti mumvetse, ndiyenera kuyamba ndi nyimbo za anawa.

Nyimbo zimene amapanga muno amati tiransi. A Yobe amati zimamveka ngati chigayo cha dizilo chimene mwini wake waiwala kuzimitsa. Ee, sekani ndithu, ngakhale abusa ndawaona akubisa pakamwa. Sanalakwitse kwenikweni, pakuti m'nyimbo zimenezi ng'oma yaikulu, imene timati kiki, imagunda mosalekeza, du, du, du, du, ndipo pakati pa kugundako pamayenda besi, mawu aakulu apansi aja amene munthu amawamva m'chifuwa asanawamve m'khutu. Besi ikakhala bwino, miyendo imanyamuka yokha. Ikalakwika, anthu amapita kukagula zitumbuwa nyimbo ili mkati.

Tsono besi ya tiransi si imodzi ayi, timachita kuisanja. Pali yapansi penipeni, yolemera, imene pafoni simveka n'komwe koma pamasipika aakulu imagwedeza nthaka. Pali yapakati, imene imathamanga ndi nyimbo ndipo ndi imene mumaimva m'minibasi ndi m'mawailesi. Pali inanso yapamwamba, yokhakhala pang'ono, yopatsa nyimbo mano. Inu alimi mukudziwa kuti tsamba lapansi, lapakati ndi lansonga amachokera pa phesi limodzi, koma lililonse lili ndi mulu wake posankha. N'chimodzimodzi kuno. Womikisa amadula mawu olemera pa besi yapakati ndi yapamwamba kuti zisaponde yapansi ija, ndipo yapansiyo amaiika pakati penipeni, osaipendeketsa kumanja kapena kumanzere. Akazisiya zonse zitatu kuti zilimbirane malo amodzi, zimadyana, ndipo munthu amadabwa kuti wawonjezera besi koma nyimbo yapepuka.

Chinanso, kiki ndi besi siziyenera kugunda nthawi imodzi. Amayi a Chigwirizano, inu mukasinja awiri pamtondo umodzi, musi wina umatsika wina ukukwera, ndipo mukatsitsa pamodzi mumaphwanyana zala. Nafenso timaiuza besi kuti izigonja pang'ono kiki ikamagunda, kenako izibwerera msanga. Zonsezi Lusekelo anaziphunzira yekha, pa laputopu yakale ndi magetsi a sola, ndipo ndinene poyera kuti khutu lake ndi lakuthwa kuposa la ana ambiri amene ndimawaphunzitsa kutauni.

Vuto linabwera kuchokera kumene sitinkayembekezera. Pamene Lusekelo ankayamba nyimbo yake yoyamba, shediyi inali yodzaza ndi mabelo a kalabu, osanjikizana m'makoma monse kudikira ulendo. Ankanditumizira zimene wapanga pafoni, ndipo besi yake inali yokhazikika bwino moti ndinkaimvetsera ndikuchapa mbale. Ndiye msika unatsegulidwa, anthu n'kuyamba kunyamula fodya wawo. Posakhalitsa zimene ankatumiza zinayamba kusintha. Lero besi yaonda ngati ng'ombe ya mwezi wa Okutobala, mawa yachuluka mpaka kumiza mawu onse.

Ndinamuimbira foni. Ndinati, “Mwana iwe, wasintha masipika?”

Iye anati, “Ayi, anti, ndi omwe aja.”

“Nanga wasuntha tebulo?”

“Ayi, palibe chimene ndagwira. Kungoti muno mwatsala mbee, fodya yense wapita. Ndikaimba, malata akuchita kunjenjemera, ndikatsitsa besi inu mukuti yasowa. Mwina ine basi sinditha.”

Pamenepo mpamene ndinazindikira. Mawu olemera amakonda kuunjikana m'makona a chipinda, n'kumabwerera kwa womvetsera mochulukitsa pena, mochepetsa pena. M'masitudiyo a kutauni amagula zinthu zodula zoika m'makonamo kuti zizimwa mawuwo. Kuno ntchito imeneyo ankaigwira ndi mabelo, popanda wina kudziwa. Atachoka, chipinda chinayamba kumunamiza mwanayu, ndipo iye anayamba kukonza zinthu zimene sizinali zolakwika. Ndinamufotokozera zimenezi, n'kumaliza ndi nthabwala yakuti, “Ukapeza mabelo ena, bwezera m'makonamo.”

Lusekelo anakanena mawu amenewa kunyumba, nayenso moseka. Mayi Maness andiuza okha zimene zinachitika m'mawa mwake. A Yobe anali atadinda kale fodya wawo m'mabelo, ziguduli zitasokedwa, lole ikubwera sabata yomweyo. Anatenga ngolo, n'kuyamba kututira mabelowo kuno.

Mayi Maness anati, “Bambo a Lusekelo, mutu uli bwino? Fodya ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Anzanu akugulitsa, inu mukukamangira makoma?”

A Yobe anati, “Mwana wati chipinda chikumunamiza. Ine kompyuta sindiidziwa, nanga ndimupatse chiyani? Chimene ndili nacho ndi chimenechi. Amalize kaye nyimbo yakeyo.”

Lole yoyamba inadutsa, iwo anati yapita yapita. Yachiwiri inadutsa, anati mwana sanamalize. Nyimboyo yatha dzana, ndipo kwatsala lole imodzi yokha, imene tikuidikirayi. Ine nditamva zimenezi tulo tinandithawa, pakuti fodya akatsala msika utatsekedwa mukudziwa nonse zimene zimachitika: amapita kwa mavenda pamtengo wolira nawo, ndipo banja limalowa m'dzinja lopanda feteleza.

Dikirani, kodi fumbi lija si lole? Achinyamata, taonani kumsewuko. Aa, ayi, ndi galimoto ya a Khansala. Takulandirani, olemekezeka, khalani pampando wanuwo, ndipo musadabwe kuti anthu sanaombe m'manja mokwanira. Sikuti sakukukondani, koma amayembekezera galimoto yokulirapo.

Ndipitirize. Ndili mtsikana, ndinkasankha fodya m'shedi yomweyi pambali pa mayi anga. Tsiku limene ndinawauza bambo anga kuti ndikufuna kukaphunzira za zokuzira mawu, anandiyang'ana n'kunena kuti, “Feggie, phokoso silidyedwa.” Sanali munthu wankhanza, ankangoopa njala monga kholo lililonse. Ndinapita ndithu, ndinaphunzira, ndinagwira ntchito ndi oimba ambiri, koma iwo anamwalira asanamvepo nyimbo ngakhale imodzi imene manja anga anakonza. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero, ndipo sindichita manyazi kunena pamaso panu. Ndiye ndikaona bambo amene nyimbo za mwana wake sazikonda, sazimvetsa, amaziti chigayo, koma n'kutenga thukuta lake la chaka chonse kukaika m'makona kuti mwanayo amve bwino, ndimamupatsa ulemu wonse. A Yobe, musaweramitse mutu, ndikunena inu.

Kwa inu achinyamata, ndili ndi mawu ochepa, ndipo ndiwafulumizitsa chifukwa dzuwa likukwera. Musamakhulupirire chipinda chimodzi. Mukamikisa, tulukani nayo nyimboyo, kaimvereni pafoni, pawailesi ya agogo, pamasipika a paukwati, ndipo besi ikamveka bwino monsemo ndiye kuti yapsa. Musamawonjezere besi chifukwa choti mnzanu wawonjezera. Zitatu zogwirizana zimaposa khumi zokangana. Musamakwezenso masipika tsiku lonse, chifukwa khutu likatopa limanama kuposa chipinda. Ndipo musaiwale kuti pakhomo lililonse pamene pachokera mmodzi wa inu pali munthu amene wadzimana kanthu kuti inu mukhale pamakinawo.

Kwa inu a kalabu ndi amayi nonse, ndili ndi pempho. Mabelowa akatuluka, makona aja atsalanso opanda kanthu, ndipo sitingalole kuti chaka chamawa kholo lina lidzaikenso fodya wake pachiswe. Makoko a mtedza amene mumataya kapena kuwotcha aja, thirani m'matumba, tsenderani bwino, bweretsani tiunjike m'makonamo kuyambira pansi mpaka kudenga. Sangafanane ndi mabelo, koma athandiza. A Mphepo akugwedeza mutu kuvomera, ndipo ndikukhulupirira kuti a komiti aona.

Pepani, a Mphepo, mukuti bwanji? Bwerani pafupi, foni yanuyo yati chiyani?

Abale anga, tamverani nonse. Woyendetsa lole waimba. Akuti wafika pamphambano ya msewu waukulu, koma lole yalemera kale ndipo sangathe kudutsa pakamlatho kathu kaja. Akuti adikira pamenepo mpaka dzuwa lifike pamutu, likapendeka anyamuka, pakuti nayenso ali ndi mzere woti akaupeze ku okushoni. Taonani mithunzi yanu mmene yafupikira.

Ndinali ndi masamba ena awiri oti ndiwerenge, okamba za tsogolo la achinyamata ndi chitukuko cha dera lino, koma ndawapinda. A Gulupu, ndikupempha chilolezo chanu kuti mwambowu tiudule. Zikomo, mwavomera. Ndani ali ndi ngolo pafupi? Kwezani manja ndione. A Tsoka, ng'ombe zanu zili kudambo kapena m'khola? Tumani anyamata athamange. Uko kwakwezedwa dzanja lina, ndi linanso kumbuyoko. A Khansala, mwabwera mochedwa koma mwabwera pa nthawi yake, chifukwa galimoto yanu ili ndi kumbuyo kotakasuka, ndipo mabelo awiri akwanamo. Mwavomera? Aombereni m'manja tsopano, manja aja munawamana poyamba.

Mayi Maness, pukutani misozi, fodya wanu apita.

Mwambo umati mlendo akadula riboni, akuluakulu alowe kukaona zam'kati. Lero tisintha pang'ono: chitsekochi chikatseguka, alowe ndi amene ali ndi mapewa olimba, ndipo olemekezeka tonse tiime pambali tipereke njira. Iwe Lusekelo, usanyamule belo, ntchito yako ndi ina. Tulutsa masipika ako panja, uwalozetse kumsewu, uike nyimbo yako ija kuyambira pachiyambi, ndipo ukweze mpaka pomaliza. Bambo ako andiuza m'mawa uno kuti sanaimvepo yonse, ankangoima panja n'kumafunsa ngati yatha. Akwera ngolo yoyamba, ndipo ndikufuna besi imeneyo iwaperekeze mpaka pamlatho.

Tsono ndi mphamvu zimene mwandipatsa, ndikulengeza kuti situdiyo ya achinyamata a kuno ku Chulu yatsegulidwa mwalamulo. Ndipatseni sizasiyo. Anyamata, lowani, nyamulani mosamala, ziguduli zisang'ambike. A Yobe, kwerani, nyimbo ya mwana wanu yayamba.

Zikomo kwambiri.