Lezala Limodzi la Ulendo wa ku Joni

Zaka zimene zipani zinali zitangochuluka, ana inu, mabasi a ku Joni okhala ndi chimbudzi m'kati kunalibe, tinkangopakirana m'kapikapu ngati matumba a chimanga kuchokera pa Manyamula. Mwamuna wanga, bambo anu aakulu, anali atatsogola, ndipo anatumiza mawu kuti ndiwatsatire ndi khanda langa Tiyanjane, amene anali asanabayitse katemera wa chikuku.

Tsono mwambo wake unali uwu: usanakwere galimoto unkatemedwa mphini pamphumi, akuti kuti apolisi a pachipata cha m'malire asakuone. Aulendo onse ankafola kuseri kwa khola la apongozi anga aNyaJere, lezala lake limodzi lomwelo, ladzimbiri, kuchoka pamphumi pa uyu kupita pa uyo. Koma inu lero mumanyinyirika ndi singano yoti aitsegula m'pepala mukuona!

Ine, mwana wa mphunzitsi wa ku Dedza, ndinati mwana ayambe wabayitsa.

"Mkamwana, sukulu yakupusitsa chomene," anatero apongozi. "Jakisoni amatenthetsa mwana thupi, mbwenu ukavutike naye panjira. Bwera naye timuteme."

Alamu anga aZondiwe, amene analinso paulendowo, chimunthu chogwetsa ng'ombe ndi manja koma chothawira kuchimbudzi chikaona namwino, anangoti, "Asiyeni adokotala athuwa, amama."

Ndinabereka mwana, ulendo wa ku boma panjinga. Namwino atamubaya anandiuza kuti katemera sagwira ntchito tsiku lomwelo, ndidikire masabata angapo. Kapikapu kanandisiya, malo anga anakhalapo mnzanga NyaGondwe ndi kamnyamata kake, ndipo mwamuna wanga anatumiza mawu akuti ngati banja sindikulifuna ndinene. Kuchitsime ndinasanduka nkhani, aliyense, "Yewo adokotala, simunapite?" Ndinalira, sindinama. Anasiya kuseka tsiku limene aZondiwe anatsika pa Jenda atawabweza pachipata, opanda ndi nsapato zomwe, mphini zawo zili mbee pamphumi.

Mwezi wotsatira ndinapita. Kumene kunkakhala anthu akwathu zisakasa zinali zogundana, wina akatsokomola mudzi wonse wamva, ndipo ndinapeza chikuku chitalowa kale. Ana maso psuu, thupi lonse nsungu zokhazokha, koma makolo ankaopa kupita nawo kuchipatala poti analibe mapepala. Tiyanjane ankangokwawa pakati pawo, osatsokomola n'komwe. Kamnyamata ka NyaGondwe tinakaika komweko, kutali ndi agogo ake, ndipo bambo anu aakulu pochokera kumanda ananyamula okha Tiyanjane, za banja zija osazitchulanso.

Ndiye iwe Ulemu, ndamva tikiti wagula, tsitsi walukitsa, ufa ndi usipa wamanga, koma mwana ali kumsanayo sunamuganizire. Mawa upite naye kuchipatala, ukawauze dziko limene ukupita, akuuze zofunika kubayitsa, iweyo ndi iyeyo. Akati udikire, udikire, mwanawe. Basi ikakusiya, sabata yamawa kubwera ina.