Mwini Nyumba Adakali ku Burma

Nkhondo itatha, m'chaka cha 1946, Edson Kamwendo anatsika sitima pa Ndola atavala jekete la usilikali, n'kukafikira kwa mkazi wake Lorna m'nyumba yomwe anaisiya ku lokeshoni. Kutacha anapita ku ofesi ya lokeshoni kukadzionetsa, ndipo anapezako kalaliki watsopano, Stanislaus Tembo wa ku Fort Jameson, munthu woti bwana akamuuza kuti dikira pakhomo, amadikira pakhomo pomwepo ngakhale nyumbayo ikupsa.

"Ndabwera," anatero Edson, chifuwa chili patsogolo.

"Ndaona. Mwachokera kuti?"

"Ku Burma."

"Ndiko kwanu?"

"Kwathu n'kuno. Ndine wokhala kuno ine."

Stanislaus anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa. "Koma mwaimirira, bambo."

"Ndikuti ndimakhala muno. Nyumba yoyang'anana ndi mpopi, ya mapapaya kuseri."

"Oo, imeneyo. Ndi ya msilikali. Mwini wake ali kunkhondo."

"Msilikaliyo ndine."

"Muli kunkhondo?"

"Nkhondo inatha, a Tembo. Simunamve mabelu?"

"Ndiye si inu. Bwana anati nyumbayo tisaikhudze chifukwa mwini wake ali kunkhondo. Inu muli mu ofesi."

Ku Burma Edson anaona misundu yotalika ngati chala, anaona lole ikumira m'matope mpaka chiwongolero, koma munthu wa mtundu uwu anali asanakumanepo naye. Anavula chipewa n'kuloza chipsera cha pafupi ndi khutu.

"Onani apa. Mzinga unaphulika pafupi. Khutu ili silimvanso."

Stanislaus anadzuka, anazungulira tebulo, n'kukaima mbali ya khutu linalo. "Munachoka liti m'lokeshoni muno?"

"Sindinachoke. Ananditenga. Boma linabwera likuti likufuna madalaivala."

"Aaa, pamenepo pavuta. Wochoka nthawi yaitali amataya malo, zimenezo ndikuzidziwa. Koma za zinthu zotengedwa, bwana amanena za njinga ndi mabulangete. Anakubani?"

"Tinene choncho. Anandiba."

"Imeneyo ndi nkhani ya apolisi. Khomo linalo."

"Sindipita kukhomo lina lililonse." Edson anamenya tebulo, inki n'kugwedezeka m'botolo. "Itanani aliyense m'lokeshoni muno. Ngalande ya pampopi paja ndinakumba nawo ndine. Ndinakwatira muno. Ana anga anabadwira muno. Mmodzi ali kumanda a muno."

"Ameneyo ndi wokhazikika," anatero Stanislaus mwaulemu. "Sitimuvuta."

Edson anamuyang'ana kwa kanthawi kuti aone ngati akuseka. Sankaseka.

"Achimwene, pamene ankandikweza m'sitima ya pamadzi palibe anandifunsa kuti kwanu n'kuti. Ajapani pondiwombera sanafunse chitupa. Lero ndabwera pakhomo panga, inu mukuti si ine. Sindituluka muno mpaka munene ndi pakamwa panu kuti ndine Edson Kamwendo."

Stanislaus anakanda m'mutu ndi cholembera. Panja anthu ena anali atayamba kusuzumira pawindo.

"Chabwino, bambo. Ndinu Edson Kamwendo."

"Eyaa. Mukananena kale." Edson anakoka benchi n'kukhala, mwendo pamwamba pa unzake.

"Ndiye kuti mwabwerako kunkhondo."

"Ndabwerako."

"Usilikali munatula?"

"Ndinatula. Jeketeli anangondisiyira."

"Ntchito mukugwira kuti?"

"Kusitolo kumene ndinkayendetsa lole analemba wina. Ndifuna ina."

"Pepani kwambiri, bambo Kamwendo. Nyumba za muno ndi za anthu a pantchito ndi za asilikali amene ali kunkhondo. Inu simuli pantchito, simuli kunkhondo. Loweruka mutulutse katundu, mupite kwanu."

Mwendo uja unatsika wokha. "Kwathu kuti?"

"Chitupa chanu chimati kuti?"

"Ku Ntcheu, ku Nyasaland. Koma ndinachokako ndili kumsana kwa amayi. Sindidziwako ngakhale mtengo umodzi."

"Ndiye kumenekonso munataya malo. Koma imeneyo si ofesi yanga."

Edson anaganiza za Lorna, amene m'mawa womwewo anali atapha nkhuku yake yoikira mazira, ndi za ana amene anali asanazolowere n'komwe kumutchula kuti atate. Anaona m'maganizo mphasa ndi mapoto zili pamutu, ulendo wopita kumudzi kumene akafunika kufunsa njira.

"Ndifunseko, a Tembo," anatero ndi mawu otsika. "Edson uja akanakhala kuti adakali ku Burma?"

"Nyumba sitiikhudza. Mayi ndi ana akhala mwamtendere."

"Mpaka liti?"

"Mpaka abwere."

Edson anadzuka. Anamasula mabatani a jekete pang'onopang'ono, analipinda bwinobwino, n'kulikwapatira.

"Sanabwere."

"Iii, nanga si mwangonena kuti ndinu?"

"Mwanena ndinu. Ine ndine mnzake. Wandituma kuti ndidzapereke jeketeli kwa akazi ake."

"Nanga chipseracho?"

"Mzinga unali umodzi. Tinagawana."

"Mwana wa kumanda uja?"

Edson anayang'ana pansi. "Ndi wa Edson. Amamutchula kawirikawiri, mpaka ndinayamba kumuona ngati wanga."

"Dzina lanu?"

"Ignatius."

Nkhope ya Stanislaus inawala ngati ya munthu amene wazulidwa munga kuphazi. Anabwerera pampando wake n'kukhala bwino. "Mwaona, bambo Ignatius, choonadi sichivuta. Ine ndinadziwa poyamba pomwe kuti si inu. Nanga ali bwanji a Kamwendo kumeneko?"

"Akuvutika, koma akuti kuno kwaposa. Achedwa kubwera."

"Mulungu awasunge. Ndi munthu wabwino, aliyense amatero."

Edson anavala chipewa n'kulunjika kukhomo. Mumtima ankadziyamikira kuti nzeru za kunkhondo sizinathere ku Burma. Dzanja lake litangogwira chitseko, mawu anamveka kumbuyo, mbali ya khutu lakumva.

"Bambo Ignatius, mwafika ndi sitima ya dzulo?"

"Ya dzulo."

"Munagona kuti?"

"Kwa Lorna, nanga kuti?"

Cholembera chinagwa pansi. Stanislaus anaimirira n'kuyamba kufunafuna chipewa chake.

"Mnzanu akufera Mfumu ya Azungu kutchire, inu mwamulowera m'nyumba. Akazi ake mukuwatchula ndi dzina lomwe, opanda n'manyazi. Tiyeni kwa bwana. Ndipo tsiku limene a Kamwendo adzatsike sitima, woyamba kuwauza ndidzakhala ine."